Caliper ya Benz W123: kukonza yomweyo, kuitanitsa yokonzedwa kale, kapena ya pa sikirapu?

Anzanga a ma Benz akale andifunsa mokwanira, ndiye ndingolemba kamodzi. W123 inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1986, zina zinkalumikizidwa ku East London ku South Africa. Pa msinkhu umenewu si zachilendo kuti caliper, chitsulo chimene chimapanikiza ma pad pa disiki ya tayala mukaponda buleki, izigwira osamasuka. Brake fluid imamwa chinyezi, karabala kotchinga fumbi kamang'ambika, pistoni imachita dzimbiri n'kukanirira. Galimoto imayamba kukokera mbali imodzi, limu likutentha, pad imodzi ikutha msanga.

Ya pa sikirapu sindichedwa nayo. Ndi yotchipa, ku Ndirande mukhoza kuipeza lero lomwe, koma yakhala ikuvumbwa ndi mvula ndipo matenda ake ndi omwewo a yanuyo. Igulireni thupi lake lokha ngati lanu lasweka.

Yokonzedwa kale yoitanitsa kunja ndi imene ndili nayo chakukhosi. Mtengo wa pa intaneti unali wokoma ndithu. Pofika polipira panatulukira ndalama ina yotchedwa core charge, chikole choti adzakubwezereni mukawatumizira caliper yanu yakale. Kwa munthu wokhala ku Germany kapena ku Britain palibe vuto, amangoiponya m'katoni momwemo. Nanga ife? Caliper ya W123 ndi chitsulo cholemera, ndipo nditafunsa mtengo wotumizira ziwiri kuchokera ku Blantyre, unaposa chikolecho. Ndalama ija inapita basi. Zitafika kuno, msonkho unawerengedwa pa ndalama yonse ya pa invoice, chikole chomwe ndi zotumizira zomwe.

Ngakhale mutalimba mtima n'kutumiza, werengani timalemba tating'ono tija. Ogulitsa ambiri amakana caliper yothyoka kapena yosweka, chonsecho munthu amafuna ina chifukwa yake yawonongeka kumene. Chinanso, kutsogolo kwa W123 kumakhala ya ATE kapena ya Bendix, ndipo mbali zonse ziwiri ziyenera kukhala za kampani imodzi. Mukafuna imodzi yokha, muuzeni wogulitsa dzinalo momveka, apo ayi akupakirani iliyonse imene ili pa shelefu. Pa kagwiridwe ka ntchito sindinama, zanga zikugwira bwino. Kungoti mtengo weniweni sunali umene ndinauona poyamba.

Kukonza yomweyo ndiye mbali yanga. Kit ya ma seal, timarabala totchinga brake fluid kuti isadonthe, ndi yopepuka, mnzanu wochokera ku Joni aibweretsa m'thumba la jekete. Musanagule, pukutani caliper muwerenge dzina lolembedwa pa chitsulo, chifukwa ma seal a ATE salowa mu Bendix. Yezaninso pistoni: za kutsogolo pa ma W123 oyambirira ndi za 57 mm, pa a zaka zotsatira ndi za 60 mm.

Pamene amakaniko ambiri amapusitsa anthu ndi pa pistoni. Seal imakhala mu kangalande ka m'kati mwa caliper, pistoni n'kumatsetsereka pa iyo, choncho khungu la pistoni liyenera kukhala losalala ngati galasi. Ikakhala ndi timaenje ta dzimbiri, sandipepala sachiza. Idzadonthanso. Gulani yatsopano, ndipo muiwerengere pa mtengo kuyambira pachiyambi, popeza apa ndi pamene njira iyi imasiya kuoneka yaulere. Potulutsa pistoni ndi mpweya wa kompuresa ikani thabwa pakati, zala zikhale kutali. Petulo, oyilo ya injini ndi girizi wamba zisayandikire ma seal, zimawatupitsa. Pakani brake fluid yomweyo. Mabawuti olumikiza zigawo ziwiri za caliper asiyeni momwe alili.

Kumbali ya nthawi, yoitanitsa imapambana pomanga koma imagonja podikira.

Musanatulutse ndalama iliyonse, yang'anani kaye paipi ya rabala yopita ku caliper. Ikakalamba imatupa m'kati n'kutsekereza fluid kuti isabwerere, buleki n'kumagwira pamene caliper ilibe mlandu. Tayala likagwira, masulani pang'ono kanipo kotulutsira mpweya. Likamasuka nthawi yomweyo, kayikirani paipiyo. Mukamaliza thirani brake fluid ya mtundu wa DOT 4 ya m'botolo losatsegula, ndipo muzisintha zaka ziwiri zilizonse.