The Battle for Wesnoth: gemu yaulere yokupatsani nkhani yoti mufotokozere anzanu

Ambiri amene amasewera magemu pa laputopu kuno ku Zomba, kaya m'mahostelo a ku Chirunga kapena m'nyumba za lendi ku Chikanda ndi ku Matawale, amathamangira za mpira ndi za magalimoto. The Battle for Wesnoth ndi ya mtundu wina. Ndi ya nkhondo, koma yosewera mosinthana ngati bawo: mumasuntha asilikali anu onse, mukatha mumadikira mdani kuti naye asunthe ake. Anaiyambitsa David White mu 2003, ndipo mtundu wake wa 1.18 unatuluka mu Malichi 2024. Imagwira pa Windows, macOS ndi Linux. Kukopera kwake kumadya mamegabayiti mazana angapo, choncho ndi bwino mmodzi agule bandulo, ena atengere pa fulashi. Layisensi yake ya GPL imalola zimenezo. Ikalowa m'kompyuta safunanso intaneti, zithunzi zake n'zopepuka moti laputopu yakale imakwanitsa, ndipo imasunga yokha pa turn iliyonse (turn ndi nthawi yanu yosuntha asilikali). Magetsi akathima, batire n'kutha, mumapitiriza pomwe munalekezera.

Nkhani zimene gemuyi imabwera nazo si zodabwitsa kwenikweni. Mu kampeni (nkhani ya ndime zingapo za nkhondo) ya Heir to the Throne, mnyamata Konrad akuthawa mfumukazi Asheviere mothandizidwa ndi mkulu wamatsenga Delfador, ndipo mumadziwiratu kumene zikupita. Nkhani yokoma ndi imene imabadwa mukamasewera, ndipo malamulo a gemuyi ndiwo amaibereka.

Msilikali amene mwamulemba amabwera ndi dzina, ndipo ambiri amakhala ndi makhalidwe awiri ongowagwera: wina ndi wamphamvu, wina wothamanga, wina wanzeru amene amakwera udindo msanga. Akapulumuka ndime imodzi mukhoza kumuitananso m'ndime yotsatira pa golide 20, ndi XP yake yonse (mapointsi amene amapeza pomenya nkhondo, omukweza udindo). Akafa, wafa basi. Mukadina mbali yakumanja ya mausi pa iye mupeza Rename Unit, ndipo apa ndi pamene nkhani imayambira. Spearman (msilikali wa mkondo) wopanda dzina lodziwika akafa simumva kanthu, koma mukamutcha dzina la mnzanu wa m'kalasi, n'kumulera kuchokera pa XP 0 mpaka 42 pamene amasanduka Swordsman, Pikeman kapena Javelineer, mumayamba kumuteteza ngakhale pamene nzeru ya nkhondo ikuti mumupereke. Anthu akuluakulu a m'nkhani, monga Konrad, sasinthika dzina. Palinso Set Label yolembera dzina pa mapu, moti mtsinje mukhoza kuutcha Likangala, phiri n'kukhala Chinamwali, ndipo womvera nkhani yanu amaona malowo m'maganizo mosavuta.

Chachiwiri ndi usana ndi usiku, zimene zimazungulira pa ma turn 6: mbandakucha, m'mawa, masana, madzulo, ndi zigawo ziwiri za usiku. Asilikali a gulu la lawful amawonjezera 25% pa mphamvu yomenyera masana ndipo amataya 25% usiku. A chaotic ndi mosemphanitsa. Tengani Spearman, wa lawful, wa golide 14, amene amabaya katatu ndi mphamvu 7. Masana imakwera kufika 9, usiku imatsika kufika 5. Orcish Grunt, wa chaotic, wa golide 12, amatema kawiri ndi mphamvu 9, imene usiku imafika 11, masana 7. Ndiye kuti nkhondo iliyonse ili ndi kayendedwe kake: kukada mumabwerera m'mbuyo n'kukabisala m'midzi ndi m'linga, kukacha mumatuluka. Wofotokoza safunika kupeka mantha a usiku, ali kale m'manambala. Oyamba kumene ambiri amaluza chifukwa cholondola mdani wa chaotic madzulo ataona kuti wafooka, osawerenga kuti ma turn awiri otsatira ndi ake.

Malo oimapo nawo ndi nkhani yaikulu. Spearman akaima pa udzu adani amamuphonya 40% ya nthawi, m'mudzi kapena m'linga 60%, koma m'madzi osaya 20% yokha. Elvish Archer m'nkhalango amafika 70%. Mudzi umabweretsa golide pa turn iliyonse (kawirikawiri 1 m'kampeni, 2 pa Multiplayer) ndipo umachiza HP (mapointsi a moyo) 8 kwa woima m'menemo, kapena kumuchotsa poizoni. Kungopuma osasuntha kumabwezera 2 yokha.

Chimene chimakwiyitsa anthu ndi mwayi. Mage amaponya katatu ndipo matsenga ake amagunda 70% kulikonse kumene mdani waima, komabe kuphonya katatu konse kumachitika pafupifupi kamodzi pa 37. M'kampeni yaitali mudzakumana nazo ndithu, mwina pa nthawi yoipitsitsa. Apa ndi pamene anthu amabwerera ku save ya turn yapita n'kuyesanso mpaka zitayenda. Gemu imalola, koma kwa amene akufuna nkhani yofotokoza ndikulangiza mwamphamvu kuti asatero. Nkhani imene palibe amene amafa ilibe woimvera. Gwirizanani musanayambe kuti mubwerera pokhapokha mtsogoleri akafa, chifukwa pamenepo ndime imatha yokha. Mukaganiza kuti gemu ikukuberani, tsegulani Statistics, imene imaonetsa zimene munamenya poyerekeza ndi zimene zinkayembekezeka. Kawirikawiri kusiyana kwake kumakhala kochepa kuposa mmene mtima ukunenera.

Vuto lina limabwera ndi chikondi chomwechi. Msilikali aliyense amadya golide wofanana ndi level (udindo) yake pa turn, ndipo mudzi umodzi umangolipirira level imodzi. Mukaitana akatswiri anu onse a level 3 chifukwa choti ndi anthu a m'nkhani, ndalama zimayamba kutsika ndipo ndime yotsatira mumayamba ndi zochepa. Itanani atatu kapena anayi, otsalawo alembeni atsopano otchipa oti aime kutsogolo. Amene ali ndi chizindikiro cha loyal salipiridwa, ndiye awo asungeni kwambiri. Pokweza achinyamata, kumbukirani kuti kupha mdani wa level 1 kumapatsa XP 8 pomwe kungomenyana naye kumapatsa 1. Akatswiri afooketse, wamng'ono amalize.

Pa kafotokozedwe, gemu imasunga replay (yoonetsanso masewero onse) ndime ikatha, ndipo ndi m'menemo moyenera kujambulamo zithunzi, osati pamene mukusewera. Zithunzi zinayi kapena zisanu pa ndime n'zokwana kutumiza pa gulu la WhatsApp osamaliza bandulo ya anzanu. Osafotokoza turn iliyonse. Sankhani pamene munapanga chiganizo chovuta, amene anafa, ndi amene anakwera. Dziwaninso kuti replay ya 1.16 kawirikawiri siyenda bwino pa 1.18, choncho ogawana ma replay onse akhale ndi mtundu umodzi.

Zofooka zilipo. Zokambirana zake zinalembedwa m'Chingerezi, china chachikalekale, ndipo ngakhale zinamasuliridwa m'zinenero zina, Chichewa mulibe. Kompyuta ngati mdani siganiza patali, imangothamangira amene wafooka, ndipo ikapambana ndi chifukwa cha kuchuluka kwa golide. Mapu akuluakulu amatopetsa pamene mukusuntha asilikali 20 mmodzimmodzi. Mdani weniweni ndi munthu: pa Multiplayer sankhani Local Game, awiri n'kumapatsirana laputopu imodzi, ndipo ngati mwaika fog (nkhungu yobisa asilikali a mdani), wina ayang'ane kumbali pamene mnzake akusuntha.

Woyamba kumene adutse kaye tutorial, kenako A Tale of Two Brothers, imene ili ndi ndime 4 zokha za abale awiri, Arvith ndi Baran. Ndi yaifupi moti gulu likhoza kuimaliza kumapeto a sabata imodzi, ndipo ili ndi asilikali a pa hatchi amene amaphunzitsa msanga kuopsa kothamangira mikondo. Heir to the Throne muisiyire tchuthi.