Kuimba kwa Loweruka: ana a sekondale ndi agogo oiwalaiwala

Pakati pa Nchalo ndi Ngabu pali gulu la mpingo lomwe limasamalira okalamba osowa owayang'anira. Loweruka lililonse limaitana ana a sekondale kudzaimba ndi agogo odwala matenda oiwalaiwala, omwe kuchipatala amawatchula kuti dementia. Ntchitoyi ndi yabwino, ndipo banja lomwe lili ndi agogo otere lisazengereze kuwaperekeza. Zoikhumudwitsa zilipo, koma zambiri sizilira ndalama kuti zikonzeke.

Mphamvu yake yagona pa kasankhidwe ka nyimbo. Matendawa amayamba kufufuta za dzulo ndi dzana, pomwe nyimbo zomwe munthu anaphunzira ali mnyamata kapena namwali zimakhalitsa. Oyendetsa ntchitoyi amayamba afunsa achibale kuti agogo anakulira kuti, ankapemphera mpingo uti, ankavina chiyani. Kuno kuchigwa funso limeneli ndi lalikulu. Agogo achisena a ku Nsanje amatsitsimuka akamva utse kapena kulira kwa valimba, pomwe amayi achimang'anja amagwira msanga nyimbo za pamtondo ndi za chitsukulumwe. Ena matenda akakula amabwerera ku chilankhulo cha paubwana, moti mwana wodziwa Chisena amafunika kwambiri kuposa wa mawu okoma.

Kakhalidwe kakenso n'koyenera. Agogo sapitirira asanu ndi atatu, ndipo aliyense amakhala ndi mwana wa sukulu mmodzi patsogolo pake, atakhala pansi kapena atagwada, osati ataimirira kumbuyo. Mawu ochokera kumbuyo amadzidzimutsa munthu wosokonezeka. Mwana amayamba ndi kudzitchula: "Agogo, ndine mdzukulu wanu wa kusukulu, ndabwera kuti tiimbe." Nyimbo yotsegulira ndi imodzimodzi sabata iliyonse, yotsekeranso chimodzimodzi, kuti agogo azindikire pomwe zayambira ndi pomwe zathera. Zonse zimatha m'mphindi 30 kapena 40. Kupitirira apo ena amayamba kuwodzera, ena kufunsa njira ya kwawo.

Vuto lalikulu ndi nthawi. Ana akachedwa ndi ntchito za pakhomo, kuimba kumakankhidwira masana. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumadutsa madigiri 40, ndipo pansi pa malata okalamba amafooka msanga. Ambiri samva ludzu ngakhale thupi likufuna madzi, ena amaiwala kupempha. Chakumadzulo n'koipanso, chifukwa odwala matendawa ambiri amabalalika maganizo dzuwa likamapendeka. Ayenera kuyamba 8 koloko m'mawa, pamthunzi podutsa mphepo, aliyense atamwa kapu ya madzi asanayambe ndi ina pomaliza.

Ng'oma nayo ikuwonjeza. Anyamata akatengeka amaiomba ngati pa chinamwali, mawu a nyimbo n'kumira. Munthu wogontha pang'ono amangomva phokoso, kenako amatseka makutu kapena kukwiya. Ng'oma imodzi yaing'ono yoomba ndi zala ndi yokwanira, ndipo liwiro litsike mpaka agogo ochedwetsetsa azitha kuwomba m'manja limodzi ndi anzawo. Sipika ya memory card ithandize kukumbutsa chuni basi, kenako izimitsidwe. Maseche ndi zisekese zopatsa agogo zikhale zomatidwa bwino, poti ena amaika njere mkamwa. Mphasa zilowedwe m'malo ndi mipando yotsamira. Kudzuka pansi n'komwe kumagwetsa ambiri.

Ana ena, mosadziwa, amakonza agogo akalakwitsa mawu, kapena kufunsa kuti, "Mwandikumbukira?" Funso limeneli limachititsa manyazi munthu amene akudziwa kuti china chamuthawa. Agogo akabwereza ndime imodzi kasanu, muibwereze nawo kasanu. Akalira pa nyimbo ya kumaliro, mwana asathawe ndipo gulu lisasinthe nyimbo mwaphuma. Awagwire dzanja ngati alola, ndime ithe, kenako alowe nyimbo yopepuka. Pa ichi anawa akufunika kuphunzitsidwa ola limodzi asanakumane ndi agogo koyamba, zomwe pano sizikuchitika mokwanira. Kusinthasintha ana, makamaka nyengo ya mayeso, kumabwezanso zinthu m'mbuyo. Ndi bwino mwana alonjeze teremu yathunthu ndi agogo omwewo.

Mafoni aletsedwe. Kujambula agogo akulira kapena akuvina n'kuwaponya pa WhatsApp popanda chilolezo cha iwo ndi achibale awo ndi kuwachotsera ulemu. Ndi zoopsanso, chifukwa m'midzi mwathu okalamba olankhula zosamveka kapena osochera usiku amanamiziridwa ufiti mpaka kumenyedwa. Mwana amene wakhala miyezi itatu akuimba ndi agogo otere amapita kwawo akudziwa kuti awa ndi matenda a ubongo, ndipo amakafotokozera anzake. Phindu limeneli lokha n'lokwanira kuti aphunzitsi ndi makolo azilola ana kupita.

Achibale adziwe kuti kuimba sikuchiza matendawa. Kumachepetsa nkhawa ndi kusungulumwa, nthawi zina kwa maola ochepa chabe. Ndipo agogo omwe sabata yatha ankaimba bwino akafika atasokonezeka mwadzidzidzi, akuwodzera kapena thupi litatentha, musati ndi kuiwala kuja. Malungo, matenda a m'chikhodzodzo ndi kuchepa kwa madzi m'thupi zimachita zimenezi, ndipo zimachizika. Apite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.