Nyemba zoyanga m'zigubu, patatha miyezi isanu ndi itatu

Mu Epulo ndinabzala nyemba zoyanga, zija pa paketi amalemba kuti runner beans, m'zigubu zisanu ndi chimodzi za malita 20 zomwe munkabwera mafuta ophikira. Nyumba yalendi yomwe ndimakhala ku Chilomoni bwalo lake analithira simenti ponseponse, moti khasu lilibe pogwera. Nthawi imeneyo ndinkatamanda njirayi kwa aliyense. Pano ndi Disembala, ndipo malovu ochepa ndameza.

Zigubu zokha sizinandikhumudwitse. Ndinazidula kumwamba, n'kuboola pansi ndi msomali wotentha, mpaka lero zilipo. Nsungwi zomwe ndinagula ku Limbe nazo zagwira ntchito, ngakhale zinali zazifupi: nyembazi zimapitirira mamita awiri, ndiye zinakagwira waya woyanikapo zovala. Kuyambira Julayi mpaka Seputembala tinkathyola zitheba kawiri pa sabata, ndipo maluwa ake ofiira ankachititsa anthu kusuzumira pa mpanda. Mbewuyi kwawo ndi kumapiri a ku Mexico ndi Central America, n'chifukwa chake chiperoni chathu cha mu Juni ndi Julayi, chomwe ife timadandaula nacho, iyo imasangalala nacho.

Nkhani yagona pa dothi. Zigubu zinayi ndinadzazamo katondo wofiira yemwe ndinatapa pomwe ena ankakumba maziko, n'kusakaniza ndi zitosi za nkhuku zosawolerana. Ziwiri zotsala ndinathiramo dothi lakuda la kudzala, mchenga pang'ono ndi kompositi, osati mwanzeru ayi, koma chifukwa katondo anali atatha. Mwezi woyamba za katondo zija zinkaoneka zonyadira, masamba biriwiri ngati mphasa. Maluwa ndiye ochepa. Zitosi za nkhuku zili ndi nayitirojeni wambiri, chakudya cha mbewu chokulitsa masamba, pomwe nyemba zimadzipezera zokha nayitirojeniyo kudzera m'timibulu ta ku mizu, choncho ndinali kudyetsa munthu wokhuta kale. Pofika Ogasiti katondo anali atatsika pafupifupi chikhatho chonse, ataumbika ngati njerwa. Ukathira madzi ankangotsetsereka m'mbali mwa chigubu n'kutulukira pansi, pakati pali gwa. Ndinkadabwa kuti mbewu yothiriridwa m'mawa ikufotanso bwanji masana, mpaka tsiku lomwe ndinazika chala.

Alandilodi anga, mayi wachikulire yemwe analimapo dimba zaka zambiri, anaima n'kuyang'ana. "Mwanawe, dothi lovula ngati ili ungakolole chiyani? Liveke." Ndinati, "Amayi, ndiliveke chiyani m'chigubu?" Anandibweretsera udzu wouma ndi makoko a mtedza. Ndinatakasa pamwamba ndi kamtengo, n'kuthira kompositi manja awiri m'chigubu chilichonse, kenako n'kuphimbira. Kusintha kunaoneka m'masabata awiri. Phulusa ndimawazako pang'ono chabe. Likachuluka dothi limaipanso.

Okutobala ndiye anandigonjetsa. Simenti inkatentha moti sungapondepo wopanda nsapato, ndipo maluwa ankayoyoka osabereka. Ndinakweza zigubu pa njerwa, ndinazikulunga ndi masaka, ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, chigubu chimodzi kumwa malita atatu kapena anayi pa tsiku. Mipopi ikauma, monga imachitira kuno nyengo imeneyo, ndinkagwiritsa ntchito madzi otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba. A sopo ayi. Zonsezi zinangopulumutsa moyo wa mbewu, osati zokolola. Nyembazi sizigwirizana ndi kutentha, basi. Nsabwe zakuda nazo zinabwera kunsonga, koma izo ndinkangozipukuta ndi zala.

Sabata yatha ndinakhuthula zigubu ziwiri kuti ndione. M'cha katondo mizu inali itangozungulira m'mphepete, yowonda. M'cha dothi losakaniza mizu inafika paliponse, timibulu tambirimbiri, tofiirira mkati ukatiswa, komanso nyongolotsi zitatu zomwe sindinaziitane. Ndinapezanso muzu wonenepa ngati kachinangwa. Ameneyo amaphukanso, ndiye ndamusiya.

Kodi ndingabzalenso? Inde, koma kumapeto kwa Malichi, kuti zokolola zonse zithe kutentha kusanafike, ndipo mbewu ziwiri zokha pa chigubu, osati zinayi monga ndinachitira chifukwa cha dyera. Amene akufuna nyemba zouma zodzaza thumba asadzivute. Zigubu zisanu ndi chimodzi zimapereka ndiwo, osati nkhokwe. Katondo uja ndamukhuthulira pakona, ndasakaniza ndi masamba a mango ndi makoko a nthochi kuti mvula imufewetse. M'zigubu zinazo ndachotsa dothi la pamwamba, ndawonjezera kompositi, ndipo ndafesamo mpiru kuti nyemba zisatsatane pamalo amodzi. Wamera kale, ndipo alandilodi ayamba kufunsa tsiku lothyola.