Kliniki yomwe tinakafunsako za opaleshoni ya mutu waching'alang'ala

Amene mukuvutika ndi mutu waching'alang'ala wosamva mankhwala uja ndipo munamva zoti kuli opaleshoni yake, kliniki ya pulayiveti yomwe ndinaperekezako achemwali anga ku Area 10 ndikuiyamikira kwambiri, ngakhale opaleshoniyo sanawapange.

Achemwali mutu ukawagwira umagwira mbali imodzi, kusanza, kuwala sakufuna, basi kukadzitsekera kuchipinda makatani onse otseka ana osayerekeza n'komwe kuyatsa wailesi. Adokotala anayamba ndi kufunsa kuti umabwera masiku angati pamwezi, akuti ukamafika masiku 15 kwa miyezi yopitirira 3 ndiye wakhazikika umenewo. Kenako anajambula nkhope papepala n'kutilongosolera opaleshoniyo mosathamanga. Anaiyambitsa ndi dokotala wa ku Cleveland ku America, Bahman Guyuron, cha m'ma 2000, ataona kuti anthu ena omwe ankawakonza khungu la pachipumi mutu unkawasiya. Ndiye pa opaleshoniyi amamasula mitsempha yomwe yapanikizika ndi minofu, pachipumi, m'mbali mwa mutu, kunkhongo, ena mpaka m'mphuno. Koma anatiuzanso mosabisa kuti bungwe la madokotala a matenda a mutu ku America la American Headache Society linachenjeza kuti opaleshoniyi izichitika pakafukufuku pokha poti umboni wake sunakwane, komanso ena amatsala ndi dzanzi pomwe anachekapo.

Apa m'pomwe ndinawakhulupirira adokotalawa, chifukwa kunyumba nkhani yogulitsa puloti kuti achemwali apite ku India inali itayambika kale ndipo palibe amene anatiuzapo zimenezi.

Anafunsanso za Panado ndi Cafemol, akuti kumwa mankhwala opha ululu pafupifupi tsiku lililonse kumayambitsanso mutu wina pamwamba pa uwowo. Anawapatsa amitriptyline womwa usiku ndi kuwauza kuti azilemba m'kabuku tsiku lililonse lomwe mutu wabwera. Zikakanika pali jakisoni wa kunkhongo wogonetsa mtsempha, palinso Botox, mankhwala ofooketsa minofu, majakisoni 31 masabata 12 aliwonse, opaleshoni ibwere kumapeto penipeni.

Zondidandaulitsa zilipo. Tinadikira kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 2 pomwe tinabukitsa nthawi, ndipo kumalo odikirira magetsi owala kwambiri TV ili phokoso, munthu wa mutu angakhale bwanji pamenepo? Achemwali anakadikirira m'galimoto atafunda chitenje kumaso. Mankhwala pa famase yawo ndi odula, tengani pepala mukagule m'tauni, ndipo popita munyamule buku lanu lakuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse omwe munamwapo, amawafunsa.