Chotupa chofiira pa khanda: kudikira kapena mankhwala?

Khanda likatuluka chotupa chofiira ngati phwetekere wakupsa, agogo ena kuno ku Kasungu amathamangira kutema mphini. Musalole, chimakha magazi. Kawirikawiri imeneyi ndi hemangioma, timitsempha ta magazi tounjikana pakhungu, osati khansa.

Kudikira sikulira ndalama. Chimakula miyezi yoyambirira, kenako mwana akakwanitsa chaka chimayamba kufota chokha pang'onopang'ono, ngakhale nthawi zina chimasiya kachipsera. Chikakhala pamsana, ine ndingadikire.

Koma chikakhala pachikope, pamphuno, pamlomo, kapena chikachita chilonda, kudikira n'kuika mwana pangozi, diso likhoza kuwonongeka. Apa madokotala amapereka propranolol, mankhwala a mtima amene akhala akuphwetsa zotupazi kuyambira 2008. Mwana amamwa kwa miyezi yambiri, ndipo aziyamwa kaye asanamwe chifukwa mankhwalawa amatha kutsitsa shuga m'magazi. Oyenera kusankha ndi adokotala atamuyeza mwanayo.