Torsen, Haldex, ATTESA ndi DCCD: mphamvu imayambira matayala ati?

Zonsezi ndi njira zogawira mphamvu ya injini pa galimoto zokoka ndi matayala anayi, koma posankha funsani ichi: tayala lisanayambe kuterera, mphamvu ya injini imakhala kuti?

Pa Audi RS4 ya B7 pakati pali difu ya Torsen, chipangizo chogawa mphamvu pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Ndi mano a magiya okhaokha, palibe pampu kapena kompyuta yoti muidikire, ndipo pamsewu wabwino 40 peresenti imapita kutsogolo, 60 kumbuyo. Chilema chake n'chakuti injini inakhala kutsogolo kwa ekiselo, ndiye mukalowa pakona mwaliwiro mphuno imakankhira kunja.

Haldex, ya mu Golf R Mk7, imagwira mosiyana. Poyenda wamba matayala akutsogolo ndiwo amakoka, kenako pampu yamagetsi ikapanikiza klachi, shafti yakumbuyo nayo imalandira gawo lake. Siimwetsa mafuta ambiri ndipo pamvula imagwira bwino, koma imafuna chisamaliro chimene ambiri amachiiwala. Oyilo wake asinthidwe zaka zitatu zilizonse, ndipo pampu ichotsedwe kuti kasefa kake katsukidwe, chifukwa kusintha oyilo kokha sikuchotsa matope akuda amene amamata pamenepo. Kakatsekeka, pampu imafooka, akumbuyo amasiya kukoka mwakachetechete, inu n'kumangodabwa akutsogolo akupalasa ponyamuka.

Nissan inatenga njira yosemphana ndi imeneyi mu 1989 pa Skyline GT-R R32, ndi ATTESA E-TS. ATTESA E-TS imakankha ndi akumbuyo, n'kutumiza mpaka theka kutsogolo pokhapokha pakafunika. Akutsogolo amatsala ndi ntchito yokhota, ndipo potuluka pakona mukaponda moto galimoto imadzikoka yokha kuwongoka. Pa phula louma, iyi ndiyo yokoma kuposa zinzake. BMW M5 ya F90 inatsata njira yofananayo, n'kuwonjezera mwayi wozimitsiratu akutsogolo.

Pamsewu wafumbi ndi wamiyala, DCCD ya Subaru WRX STI ilibe mnzake. Pa mitundu yomaliza imagawa 41 peresenti kutsogolo, 59 kumbuyo, ndipo woyendetsa amasankha yekha kuti difu yapakati imange motani. Mukaimangitsa kwambiri pa phula mudzamva matayala akudumphadumpha poimika galimoto.

Pa Subaru ndi Audi makamaka, musasinthe tayala limodzi lokha pamene atatuwo adyeka. Latsopanolo limakhala lalikulupo, limazungulira pang'onopang'ono kuposa anzake, ndipo difu yapakati imayesa kuti kwinaku kukuterera. Imagwira ntchito osapuma, oyilo amatentha, zam'kati zimadyeka. Gulani anayi a mtundu ndi saizi imodzi, ndipo muziwasinthanitsa kutsogolo ndi kumbuyo pa makilomita pafupifupi 10,000 aliwonse.