Miyezi khumi ndi VSD pa pampu ya m'chitsime chathu ku Makeni

Mu Ogasiti 2024 ndinalumikiza VSD, makina osinthira liwiro la mota, ku pampu yomira m'madzi ya m'chitsime chathu ku Makeni, mu mzinda wa Lusaka, ndipo tsopano chilimwe ndi dzinja zonse zadutsa, moti ndili ndi zoti ndinene.

Nzeruyi ndinaitenga ku zitsime za mafuta za ku Paloch, ku South Sudan, kumene ndinagwira ntchito zaka zinayi. Kumeneko pampu yotereyi imatchedwa ESP. Mota imakhala pansi, pampu pamwamba pake, ndipo chimene chimaziziritsa motayo ndi mafuta ndi madzi omwe akudutsa m'mbali mwake pokwera. Pampu ikamakoka mofulumira kuposa mmene chitsime chikudzazira, imayamba kumeza gasi, mota imatentha mpaka kupsa, ndipo kuitulutsa kumafuna makina akuluakulu ndi masiku angapo osapopa. Kwathu matenda anali omwewo, kungoti pampu inkameza mpweya, chifukwa amisiri amene anakumba chitsimecho anatiikira pampu yaikulu kuposa madzi ake, ndipo chaka chilichonse mu Okutobala paipi inkangotsokomola.

Ndinatsitsa liwiro kuchoka pa 50 Hz kufika pa 45 Hz (Hz ndi muyezo wa magetsi umene umalamulira liwiro la mota). Pa pampu za mtundu uwu, kutero kumachepetsa madzi otuluka ndi pafupifupi 10 peresenti, mphamvu yokankhira madzi m'mwamba ndi 19 peresenti, koma magetsi ndi pafupifupi 27 peresenti. Kutsokomola kuja kunatheratu, ngakhale m'chilala cha chaka chimenecho. Tsiku lina dyera linandigwira, ndinayesa 40 Hz, ndipo mota inkazungulira bwinobwino koma m'thanki simunagwe ngakhale dontho, popeza mphamvu yokankhira inali itatsala 64 peresenti yokha. Ndinabwezera msanga, chifukwa madzi akaima, mota ilibenso choiziziritsa.

Pa nthawi ya kuzimazima kwa magetsi, madzi atachepa ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, VSD inandithandiza mwa njira ina. Imadzutsa mota pang'onopang'ono, kotero jenereta yathu yaing'ono inasiya kubanika. Ndinaikanso kuti magetsi akabwera idikire mphindi khumi isanayambe, chizolowezi cha ku Paloch, kumene timadziwa kuti kuyatsa pampu imene ikuzungulira chobwerera kumathyola shafti, chitsulo chimene chimazunguza pampuyo.

Chimene VSD sinathe kuchiza ndi laimu. Madzi a pansi pa Lusaka amadutsa m'miyala ya dolomite, ndipo kuyambira Febuluwale thanki inayamba kuchedwa kudzaza pa liwiro lomwe lija. Titatulutsa pampu mu Epulo, tinapeza sefa yolowera madzi itamatidwa ndi zoyera zolimba ngati chigoba cha dzira, zimene tinachita kupala ndi mpeni. Bokosi la VSD nalonso limadana ndi fumbi la ku Makeni, ndipo ndimalipukuta milungu iwiri iliyonse, apo ayi limadzizimitsa masana likatentha. VSD ndikanaigulanso, koma ndikanayamba ndayeza madzi amene chitsime chimatulutsa pa ola kumapeto kwa Okutobala, kenako n'kusankha pampu yolingana nawo.